Chinthu Chosaoneka Chimene Chagwira Milalang'amba

Usiku wa mwezi wa Juni kapena Julayi, kumidzi yozungulira Euthini kumene magetsi sanafike, thambo limayera mbee ndipo Mlalang'amba umaoneka ngati mseu wa fumbi loyera. Munthu angaganize kuti akuona chilengedwe chonse. Koma malinga ndi kuwerengera kwa asayansi, nyenyezi, mapulaneti, mpweya ndi matupi athuwa, zonse pamodzi zimangokwana magawo 5 pa 100 alionse a zimene zili m'chilengedwe. Magawo pafupifupi 27 ndi chinthu chosaoneka chotchedwa dark matter, ndipo otsala pafupifupi 68 ndi mphamvu ina yosadziwika bwino, dark energy.

Nanga chinthu chosaoneka anachidziwa bwanji? Taganizirani mwana amene wamangirira mwala kuchingwe n'kumauzunguza. Akauzunguza mofulumira kwambiri, pamafunika chingwe cholimba, apo ayi mwalawo uthawa. Kuthambo chingwecho ndi mphamvu yokoka. Mapulaneti oyandikira dzuwa amakokedwa kwambiri, choncho amathamanga kwambiri: Mercury amamaliza ulendo wake m'masiku 88, pamene Neptune amatenga zaka pafupifupi 165. Asayansi ankayembekezera kuti m'milalang'amba zilinso choncho, kuti nyenyezi za m'mphepete ziziyenda pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1970, mayi wina wa ku America, Vera Rubin, pamodzi ndi Kent Ford, anayeza liwiro la nyenyezi zimenezi ndipo anapeza kuti za m'mphepete zikuthamanga mofanana ndi za m'kati. Pa liwiro lotere zikanayenera kuthawa kalekale ngati mwala uja. Popeza sizithawa, pali china cholemera chimene chikuzigwira. Fritz Zwicky anali atanenapo zofanana nazo mu 1933, koma anthu sanamusamale kwenikweni.

Funso lovuta ndi lakuti chinthucho n'chiyani. Ku sekondale timaphunzira kuti atomu ili ndi ma proton, ma neutron ndi ma electron, phunziro n'kuthera pomwepo. Akatswiri a fizikisi amapitirira: ma proton ndi ma neutron nawo anapangidwa ndi tinthu tina totchedwa ma quark, ndipo mphamvu zitatu zimene zimagwira ntchito pakati pa tinthu timeneti zimafotokozedwa ndi masamu otchedwa gauge theory. Masamuwa amalosera molondola modabwitsa. Ndi amene ananeneratu za kanthu kotchedwa Higgs boson, kamene kanapezeka mu 2012 ku CERN, pafupi ndi Geneva, m'makina ozungulira pansi pa nthaka aatali makilomita 27. Vuto n'lakuti pa mndandanda wonse wa tinthu todziwikati palibe kamene kangakwanire kukhala dark matter.

Apa m'pamene pakubwera ganizo la supersymmetry, limene linayamba m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Limati kanthu kalikonse kali ndi mnzake wolemera kuposa iko amene sitinamuone. Mnzake wa electron anamutchuliratu dzina loti selectron, ngati makolo amene asankha dzina mwana asanabadwe. Ngati ganizoli n'loona, kopepukitsitsa mwa anzawo amenewa sikangasweke n'kukhala tinthu tina, sikawala, koma kali ndi kulemera. Zimenezi ndi zomwe dark matter ikufuna. Ambiri ankayembekezera kuti makina a ku CERN aja atulutsa tinthu timeneti. Papita zaka zoposa 10 akufufuza, sanapeze ngakhale kamodzi.

Ena akuti tinthuto n'tolemera kwambiri moti makinawo sangatifikire, ena akuti ganizolo lisiyidwe. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndi yoyenera kuuza ana m'kalasi, chifukwa mabuku athu amaonetsa sayansi ngati nkhani yomalizidwa kale. Ndipo masamu ake sanapite pachabe. Mu 1997 Juan Maldacena anagwiritsa ntchito gauge theory yokhala ndi supersymmetry posonyeza kuti masamu a tinthu ting'onoting'ono angathe kufotokozanso mphamvu yokoka, ndipo mpaka lero akatswiri amadutsira pamenepo pophunzira za ma black hole.

Kwa ife a ku Mzimba, South Africa ndi dziko la maganyu, kumene achimwene ndi amalume amapita kukasaka ndalama. Komatu ndi komwenso kuli mbali ina ya kafukufukuyu. M'chipululu cha Karoo muli MeerKAT, mbale 64 zolandira mafunde a wailesi ochokera kuthambo, zimene zinakhazikitsidwa mu 2018. Mpweya wa hydrogen umatulutsa mafunde aatali masentimita 21, ndipo umapezeka ngakhale kutali kumene nyenyezi zathera, choncho mbalezi zimayeza kuzungulira kwa milalang'amba kupyola pamene Rubin anafika. Ku Muizenberg, ku Cape Town, kuli sukulu ya masamu ya AIMS imene Neil Turok, katswiri wa za chiyambi cha chilengedwe, anayambitsa mu 2003. Imatenga ophunzira a digiri ochokera m'maiko onse a mu Africa n'kuwalipirira zonse, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda.

MeerKAT idzalowa m'makina akulu koposa otchedwa SKA, amene anayamba kumangidwa mu Disembala 2022 ndipo adzakhala ndi mbale 197 ku Karoo. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko 8 a mu Africa othandizana ndi South Africa pa ntchitoyi. Malawi sali pa mndandandawo.