Kukhala Wekha Si Cifukwa Cogonela Tiyi ndi Mabanzi

M'makomboni athu monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika muli anthu ambili amene acita lendi kacipinda kamodzi ndipo akhala okha. Ena ndi anyamata ongoyamba kumene nchito, ena ndi ana a ku koleji, enanso ndi okalamba amene ana ao anapita ku Lusaka. Ambili mwa iwo amagonela tiyi ndi mabanzi kapena zitumbuwa za m'njila. Amati kuphikila munthu mmodzi ndi kuononga makala cabe.

Mimba imakhuta ndithu, koma mabanzi ndi tiyi alibe zokwanila zomanga thupi ndi zoonjezela magazi. Pakapita miyezi munthu amayamba kutopa msanga ndi kudwaladwala, ndipo ndalama imene anasunga pa makala imathela pa mankhwala.

Za unga sitidzacedwapo. Timapaketi ta pamela, timene tinafala m'zaka za m'ma 1990 boma litaleka kuthandizila mtengo wa unga, timaoneka tochipa, koma mukawelengela mwezi wonse mudzapeza kuti mwalipila zambili. Sonkhani ndi mnzanu wa khomo loyandikana, mugule thumba la makilo 25 ndi kugawana. Ndipo musacite manyazi ndi unga wa lola. Ndi wochipa kupambana bulekifasiti, ndiponso uli ndi gaga wothandiza m'mimba.

Bvuto lenileni lili pa ndiwo. Munthu wopanda filiji ayenela kudalila zinthu zouma zimene sizivunda: kapenta, nshawa, nyemba ndi soya. Zamasamba zokha ndiye zogula tsiku ndi tsiku, kamtolo kamodzi ka lepu, cibwabwa, bondwe kapena kalembula.

Kapenta wodzala dzanja limodzi akwanila munthu mmodzi, kaya ndi wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga. Mutsukeni m'madzi ofunda kucotsa mcenga, mukazinge ndi supuni imodzi ya saladi, ikani tomato ndi kacidutswa ka anyezi. Musadule mitu. Ubwino wa kapenta ndi wakuti timadya ndi minga yomwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Akatsala pang'ono kupsa, ponyani masamba odula m'poto momwemo ndi kubvundikila mphindi 5. Poto ndi mmodzi, moto ndi umodzi.

Tsiku limene saladi watha, tendelani. Supuni zitatu za nsinjilo m'cibwabwa zimapatsa thupi mafuta ndi zomanga thupi pamodzi, ndipo kwa ine ndiwo zimenezi ziposa nyama ya mafupa okhaokha imene ena amadzitama nayo pakutha kwa mwezi. Koma sankhani nshawa musanasinje. Zacuku, zofota ndi zowawa tayani, cifukwa cuku cimeneci cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin amene amaononga ciwindi, ndipo sacoka ngakhale mutaphika. Soda naye musazolowele kuthila m'masamba, amapha mavitamini ena.

Nyemba ndizo zimaopedwa kwambili ndi ankhungulume, ati zimadya makala. Zimadya makala ngati mwaziika pamoto zili zouma. Zivikeni m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thilani ena, ndipo ziwile mwamphamvu kwa mphindi 20. Kuwila kumeneku musakufupikitse, pakuti nyemba zosawila bwino zimatsegula m'mimba. Mukatelo phulani poto ali wobvundikila, mukulunge m'bulangete lakale ndi kumuika m'dengu kapena m'katoni. Kutentha kumapitiliza kuphika, ndipo pakatha maola atatu kapena anai nyemba zimakhala zafewa. Ziwilitseninso pang'ono ndi tomato ndi mcele musanadye. Iyi ndi nchito yabwino ya pa Ciwelu kapena pa Sondo, pamene muli pakhomo.

Kapu imodzi ya nyemba zouma ndi yokwanila masana ndi madzulo. Musaphike za masiku atatu ngati mulibe filiji. Cakudya cophika cikakhala maola ambili pamalo ofunda, makamaka m'mwezi wa October, tizilombo timaswana ngakhale fungo lisanasinthe. Cotsala ciliconse, kaya ndi cimbala, mpunga kapena ndiwo, cibvundikileni ndipo mucitenthetse mpaka citulutse nthunzi paliponse. Sitinaiwale kolela ya 2023 ndi 2024, pamene Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka cipatala. Madzi akumwa awilitseni kapena thilani kolorini, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwile cakudya. Wokhala yekha akayamba kutsegula m'mimba usiku alibe womuthamangitsila ku kiliniki.

Pa cakudya ca m'mawa, kandolo wophika kapena phala la nsinjilo zimasunga mimba mpaka masana. Kandolo wofiila mkati ali ndi vitamini A wambili. Dzila limodzi lowilitsa limapsa m'madzi omwewo a kandolo.

Nyengo yozizila ya June ndi July, ambili amalowetsa mbaula m'nyumba atatha kuphika kuti aothe. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo m'cipinda cotseka. Phikilani panja kapena pakhonde, ndipo mbaula igone komweko.