Timibulu ta pa mizu ya mphodza

Anzanga, mawa mukapita kumunda, takumbani mphodza imodzi imene yayamba maluwa. Musazule ndi manja, mizu ingaduke. Pa mizu mudzaona timibulu. Ena amati ndi matenda. Ayi, si matenda. M'timibulu timeneti mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, dzina lake Rhizobium. Timatenga chakudya chotchedwa nayitrojeni mu mpweya n'kupatsa mbewu, kwaulere.

Tswanyani kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mofiirira, tizilombo tili pa ntchito. Ngati muli moyera kapena mobiriwira, palibe chimene tikuchita.

Nanga timalekeranji ntchito? Kawirikawiri ndi njala ya chakudya china, fosiforasi. Ikasowa, mizu siikula, timibulu timachepa, mbewu imapinimbira. Dothi lofiira la katondo, longa la m'malo ambiri ku Angónia, lili ndi vuto ili: fosiforasi ilimo ndithu, koma dothi limaigwira zolimba, mizu n'kulephera kuyamwa.

Vuto lomweli alimi a ku India amalidziwa. Iwo amalima mphodza zakuda zimene amati urad, m'bale wake wa mphodza zathu zobiriwira. Palibe dziko lina lolima zambiri kuposa iwo. Kum'mwera, ku Tamil Nadu ndi Andhra Pradesh, amafesa m'minda ya mpunga, mpungawo utatsala pang'ono kudulidwa, kuti mbewu imere ndi chinyezi chotsala.

Alangizi awo amawaphunzitsa kupaka mbewu ufa wakuda wa m'mapaketi asanafese. Paketi ina muli Rhizobium uja. Ina muli tizilombo totulutsa timadzi towawasa timene timasungunula fosiforasi yogwidwa ndi dothi. Kuti ufawo umatirire, amasakaniza ndi phala la mpunga lamadzimadzi, lozizira. Lotentha ayi, lingaphe tizilombo. Akatero amayanika pamthunzi kwa mphindi 30, n'kufesa tsiku lomwelo. Ufa umenewu ndi wamoyo, suli ngati feteleza wa m'thumba. Paketi yogona padzuwa kapena yopitirira tsiku lake ndi ndalama zotayika.

Koma apa timvetsetse bwino. Tizilombo iti sitipanga fosiforasi. Tili ngati kiyi wa sitolo ya koperativa: amatsegula chitseko, koma saikamo chimanga. Munda wolimidwa zaka zambiri osabwezeramo kanthu ufunika manyowa kapena feteleza wa fosifeti. N'chifukwa chake ku India, pa mphodza, amathira fosifeti wochuluka kawiri kuposa nayitrojeni.

Ife timachita mosiyana. Tikapeza yureya wotsala ku chimanga timathamangira kuthira pa mphodza ndi khobwe. Masamba amabiriwira, inde, koma tizilombo timachita ulesi, timibulu n'kuchepa. Yureyayo musungire chimanga. Ngati koperativa yagula fosifeti, muthire pobzala, m'phando, pambali pang'ono pa mbewu, n'kukwirira. Musamwaze pamwamba, chifukwa fosiforasi siyenda m'dothi. Imakhala pomwe mwaiika, ndipo muzu ndiwo umaitsata.