Filimu yatha, nanga anthu akudikira ciani?

Filimu ikatha, pamabwera maina ambirimbiri. Ndi maina a anthu amene anagwira nchito poipanga: ocita sewero, ojambula, osoka zovala, ngakhale oyendetsa magalimoto. Kale anthu akangoona mainawa ankanyamuka n'kumapita. Ndani angakhale pansi kumawerenga maina a anthu osawadziwa?

Koma pa mafilimu a Marvel, kampani ya ku America yopanga mafilimu a ngwazi zamphamvu zodabwitsa, anthu ambiri sacoka. Amadziwa kuti mainawo akatha, pabwera kacigawo kena kakafupi, ka mphindi imodzi kapena ziwiri basi.

Marvel si imene inayambitsa zimenezi, koma ndiyo inazicukitsa. Mu 2008 inatulutsa filimu ya Iron Man. Maina atatha, munthu wina wotseka diso limodzi, dzina lake Nick Fury, anaonekera m'nyumba ya Iron Man. Anamuuza kuti si iye yekha ngwazi, ndipo anachula za gulu la Avengers. Filimu n'kuthera pomwepo. Anthu anatuluka akufunsana: gulu limeneli ndi la ndani? Libwera liti?

Mukudziwa mmene wogulitsa mtedza amacitira. Amakulawitsani pang'ono, osati kuti mukhute, koma kuti mugule. Kacigawo aka kamagwira nchito yomweyo. Kamakulawitsani filimu imene sinatuluke. Mu 2010, kumapeto kwa Iron Man 2, anaonetsa nyundo yaikulu itagwera m'cipululu. Mwini wake sanaoneke. Caka cotsatira kunabwera filimu ya Thor, mwini nyundoyo. Mu 2012 gulu la Avengers lija linakumanadi m'filimu imodzi, patapita zaka 4 cilichulireni. Kumapeto kwake anaonetsanso nkhope ya mdani watsopano, Thanos, akumwetulira. Nkhondo yake yeniyeni inadzaoneka mu 2018. Zaka 6 anthu akudikira!

Pa zaka zodikirazo anthu sanakhale cete ai. Ankakambirana kunyumba, kunchito ndi pa intaneti, aliyense akulosera zimene zidzacitike. Amene anacoka msanga ankasekedwa ndi anzake: "Iwe, waphonyatu!" Mwa njira imeneyi oonera okhawo ankalengeza filimu yotsatira, kampani osawalipira kanthu.

Si tizigawo tonse timene timalonjeza zam'tsogolo. Tina n'tongoseketsa. M'filimu ya 2012 ija, maina onse atatha, ngwazi zija zikuoneka zitatopa, zikudya mwakacetecete m'kanyumba kodyera. Palibe wolankhula.

Koma kulawitsa ndi ngongole. Njirayi inayenda bwino cifukwa Marvel inkabweza: cimene yaonetsa cinkabweradi. Pambuyo pake zinthu zinasintha pang'ono. Mu 2021, kumapeto kwa filimu ya Eternals, woimba wochuka Harry Styles anaonekera ngati m'bale wake wa Thanos. Anthu anasangalala, akumati nkhani yatsopano yayamba. Panadutsa zaka zingapo osamuonanso, ndipo ena mwa oonera anayamba kufunsa ngati kukhala pansi kudikira maina onse aja kukadali ndi phindu.