Mwana wakhuta chipisi, koma wadya?

Mayi wina wa kwa Maganga anandifunsa tili ku Senga Bay: "Achimwene, mwana wanga amadya chipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku, nanga bwanji akuoneka wofooka?" Funsoli linkandizunguza mutu inenso, poti mbatata n'chakudya ndithu.

Chipisi ndi mbatata, mafuta ndi mchere basi. Mphamvu yake ili ngati moto wa mapesi, walawi koma wosasiya makala. Thupi la mwana limafunanso zomangira magazi ndi mafupa, n'chifukwa chake a zaumoyo amalimbikitsa magulu 6 a zakudya. Komanso mafuta a pachiwaya china amakazingira mobwerezabwereza mpaka kuda bii.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zosowazo zili pakhomo pomwepo. Usipa woyanika pathandala, umene timadya ndi minga yomwe, uli ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Usinjeni, muthire supuni imodzi m'phala la mgaiwa lotendera. Mango akapsa, amaposa kamba ndi mafizesi a pageti pasukulu. Chipisi muzimugulira mwa apo ndi apo, kabichi achuluke, ndipo ndalama ikalola muonjezere dzira.