Kodi Okwera Mapiri Amakatenga Chiyani Kumwambako?

Achikumbe ambiri a m'boma la Ntcheu amadabwa akaona gulu la ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, kapena alendo a m'tauni obereka zikwama kumsana, alikulunjika kuphiri m'mamawa opanda nkhwangwa, opanda agalu, opanda ngakhale luzi lomangira nkhuni. Madzulo anthu aja amatsika chimanja-manja, atatopa, koma akusekerera ngati apha nyama. Mlimi amene wawerama tsiku lonse ndi khasu sangalephere kunena mumtima kuti amenewa ndi masewera a anthu okhuta. Sitimdzudzula mlimi wotere, pakuti poyamba-yamba zinalidi chomwecho. Koma tifuna kuti owerenga athu adziwe kumene mabungwe a anthu amenewa anachokera, chimene amachita, ndiponso chifukwa chake ife tiganiza kuti ulendo wawo ukhudza dimba ndi nazale ya fodya koposa m'mene ambiri ayesera.

Mabungwe odziwika a ntchito yotere m'dziko muno ndi awiri. Loyamba linabadwa m'chaka cha 1947, dzina lake Nyasaland Fauna Preservation Society. Analiyambitsa Azungu owerengeka, ena mwa iwo alenje, amene anaona kuti nyama za m'tchire zilikutha. Mtima wawo unali pa njovu, njati ndi mphalapala, osati pa mlimi amene anyani ndi nguluwe zinali kumthera chimanga, ndipo n'chifukwa chake anthu a m'midzi sanalione ngati lawo. Dzina linasintha kangapo, ndipo tsopano ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, mwachidule WESM. M'kupita kwa zaka ntchito yake yaikulu inatembenukira kwa ana, pokhazikitsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu a dziko lonse. Ambiri amene lero ali ndi mabanja awo akumbukira kamagazini ka Nantchengwa kamene bungweli linkasindikizira makalabuwo. Lachiwiri ndi la okwera mapiri. Linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ngati kalabu ya Phiri la Mulanje, ndipo pambuyo pake linatchedwa Mountain Club of Malawi. Mamembala ake amathandiza kusamala tinyumba togona alendo pamwamba pa Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa ifika mamita 3,002, ndiponso amayenda m'mapiri ena a dziko lino.

Ntcheu ilibe Sapitwa. Chimene ili nacho ndi mzere wautali wa mapiri umene pamapu ulembedwa Kirk Range, potengera dzina la John Kirk, mnzake wa David Livingstone. Msewu waukulu wochokera ku Biriwiri kudzera pa Lizulu kunka ku Dedza uyenda pamsana wa dzikolo, Mozambique ali mbali ina, ife mbali ina. Mvula ikagwa pamtunda umenewu madzi ake agawikana: Livulezi atengera ena kunyanja, Rivirivi ndi Lisungwi atengera ena ku Shire. M'mapiri omwewa muli nkhalango za Mvai ndi Dzonzi, zimene Boma linazipatula m'zaka za m'ma 1920 kuti zisadulidwe, makamaka chifukwa cha madzi.

Tsono taonani m'mene phiri ligwirira ntchito. Pansi pa mitengo ya tsamba, mombo ndi mchenga pamakhala masamba ogwa a zaka zambiri, ndipo dothi la pamenepo ndi lofewa ngati chinkhupule. Mvula ikagwa siithamanga ayi. Imalowa pansi pang'ono-pang'ono, nikatulukira pa kasupe miyezi yambiri pambuyo pake. Madzi amene mlimi atunga mu Seputembala ndi Okutobala kuthirira nazale yake ya fodya m'mawa ndi madzulo, nthawi imene dziko lonse lili gwa, ndiwo mvula ya Januwale imene phiri linamsungira. Mitengo ikachoka, mvula yomweyo itsika tsiku limodzi, yofiira, itanyamula dothi, nigumula mizere, nikwirira madimba ndi mchenga. Pofika Ogasiti mtsinje wasanduka njira ya ng'ombe.

Anthu a ku Ntcheu ndi Balaka safuna kuuzidwa zimenezi ndi buku, pakuti anaziona ndi maso. Damu la Mpira, limene linamangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, limalandira madzi ake kuchokera m'nkhalango ya Mvai. Kuchokera pamenepo madzi amayenda okha m'mapaipi, popanda injini yowakankha, kutsikira m'midzi yambiri ya Ntcheu mpaka ku tauni ya Balaka. M'chaka cha 2018 damu lija linauma. Mipopi inangoti zii, ndipo amayi anali kulawira usiku kukaima pamzere pa mijigo kapena kukafukula mchenga m'mitsinje. Mvula inali itachepa chaka chimenecho, ndi zoona, koma panalinso kudula mitengo, kuotcha makala ndi kulima m'mapiri odyetsa damulo, ndi matope amene anali atadzaza pansi pake. Chakudza sichiyimba ng'oma, amatero akulu. Koma ichi chinayimba ng'oma zaka zambiri, kungoti ng'omayo inali kulira pamwamba pa phiri, kumene anthu omwa madziwo sanali kufikako.

Apa ndi pamene pali phindu la okwera mapiri. Munthu amene akwera phiri limodzi chaka ndi chaka ndi njira yomweyo amaona chimene wokhala kuchigwa sangaone. Amadziwa kuti kasupe amene anamwapo chaka chatha chaka chino wauma. Amawerenga zitsa zatsopano. Amaona utsi wa uvuni wa makala m'khwawa lobisika, ndi munda wa mbatata umene wakwera kulowa m'malire a nkhalango. Ku Mulanje anthu oyenda m'phirimo anali kunena kwa nthawi yaitali kuti mkungudza ulikutha, ndipo amene anakawerenga m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikulu-ikulu 7 yokha. Kumeneko mau anamveka mochedwa. Mitengo ya ku Mvai ndi Dzonzi ili ndi mwayi umene mkungudza ulibe, pakuti tsamba ndi mombo zikadulidwa chitsa chimaphukanso, malinga ngati moto, mbuzi ndi khasu zichileka.

Kalabu yoyenda bwino imayamba ulendo wake pakhomo la mfumu, osati patsinde pa phiri. Imapereka moni kwa nyakwawa, ninena kumene ilikupita, nipempha munthu wa m'mudzimo wodziwa njira kuti atsogolere. Ngati ulendo uli wolowa m'nkhalango ya Boma, chilolezo chitengedwa ku ofesi ya zankhalango. Wotsogolera uja ndiye mphunzitsi weni-weni wa tsikulo. Iye adziwa mtengo umene khungwa lake lichiza m'mimba, malo a manda ndi a nsembe amene munthu sadulapo ngakhale kamtengo, ndi pamene pamera bowa wa utale ndi manyame mvula ikayamba. Ana amaphunzira kwa iye kusiyanitsa msuku, muula, nthudza ndi mtowo, ndipo amamva kuti bowa wambiri wa m'nkhalango amamera pa mizu ya mitengo yachilengedwe, kotero kuti wodula mitengoyo wadulanso ndiwo za dzinja. Mmodzi amanyamula kope ndi pensulo, nalemba tsiku, akasupe amene ali ndi madzi ndi amene auma, mbalame ndi mapazi a nyama zimene aona. Malamulo a paulendo ndi ochepa: moto wophikira uzimitsidwe ndi madzi kapena dothi asanachoke, mapepala ndi mabotolo zibwerere m'chikwama, ndipo pasakhale wodula mtengo wauwisi kapena wotola mazira a mbalame.

Ntchito yolemera ili pansi, atatsika. M'miyezi imene mitengo ikhwimitsa njere, ana amazitola nazifesa m'machubu panazale ya sukulu, kuti mbande zikhale zokonzeka pa nyengo yobzala mitengo, imene Boma linaiika kuyambira pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumitsitse, amathandiza kulambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi. Iyi ndi ntchito yosaoneka bwino pachithunzi, koma ife tiiyesa yoposa kubzala, pakuti moto umodzi wa anyamata osaka mbewa mu Seputembala ungathe kupha mbande zonse za zaka zitatu. Makalabu ena amaweta njuchi m'ming'oma ya matabwa m'malo mwa ya makungwa, chifukwa kusenda khungwa lonse la mng'oma umodzi ndiko kupha mtengo wathunthu. Mudzi umene uli ndi ming'oma m'nkhalango sulola moto kulowamo.

Ena adzati, kodi zimenezi si malimidwe aja abweranso ndi chovala china? Funso limeneli ku Ntcheu lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 Boma la atsamunda linakakamiza anthu kulima mizere yopingasa ndi kuunda milambala, ndipo wokana anali kulipitsidwa kapena kumangidwa. M'chaka cha 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linamchotsa paufumu, ndipo anamwalira m'chaka cha 1954. Chiphunzitso cha mizere sichinali cholakwa, umboni wake ndi wakuti lero pafupi-fupi mlimi aliyense alima mizere popanda womuopseza. Cholakwa chinali chikoti. Kalabu ilibe chikoti, ilibe bwalo la milandu. Ili ndi miyendo ndi maso, ndipo mwana amene wakaona yekha kasupe wouma safuna mesenjala kuti akamfotokozere bambo wake. Lamulo la nkhalango la 1997 linatsegulanso khomo, polola midzi kukhala ndi makomiti osamala zachilengedwe ndi nkhalango zawo-zawo, ndiponso kupangana ndi Boma za kasamalidwe ka nkhalango zake. Nkhalango za midzi si zachilendo: zinayamba m'dziko muno m'chaka cha 1926.

Sitinena kuti makalabu alibe zolakwa. Alipo amene amabzala mitengo mazana tsiku limodzi mu Januwale, pali nyimbo ndi zokamba-kamba, osabwereranso kukapalira. Alipo obzala bulugama pamutu pa kasupe, pamene mtengo umenewo umamwa madzi ambiri. Pamalo potero payenera katope, mkuyu kapena mbawa. Ndipo alipo alendo a m'tauni amene amatsika phiri alikutukwana wootcha makala, nakaima pamsewu kugula thumba la makala omwewo kuti akaphikire ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Wootcha makala kawiri-kawiri ndi mlimi amene chimanga chamthera mu Novembala. Zilango zinakwezedwa m'chaka cha 2020, koma chilango sichidzaza nkhokwe.

Kwa inu olima fodya tili ndi mau apadera, pakuti nkhwangwa yanu nayo ifika kuphiri. Chigafa chifuna nsichi, mphanda ndi mikangala, ndipo chiswe chikadya, pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mufunanso zina. Wochiza fodya ndi moto afuna nkhuni zambiri koposa. Alangizi a ARET akhala alikuphunzitsa za chigafa chamoyo, ndiko kubzala mitengo m'mizere pamalo pomwe pa chigafa, motalikirana monga zikhalira nsichi, kuti ikakula mungoyala denga ndi kupachika fodya pa mitengo yamoyo. Nsichi yamoyo chiswe sichiigwetsa. Mbande zake zingachokere panazale ya kalabu ya pasukulu ya kwanu, ndipo kandalama kamene mungapereke kadzagula machubu a chaka chamawa. Olima chimanga afunse mbande za nsangu, mtengo umene umayoyola masamba ake m'dzinja, kotero kuti suphimba mbewu, koma umazipatsa chonde.

Tipempha mafumu ndi makomiti a m'midzi yozungulira Mvai, Dzonzi ndi mapiri a ku Tsangano kuti kalabu ikadzapempha njira, musangopereka mnyamata wotsogolera. Papite akulu awiri kapena atatu, ndi amayi omwe, pakuti ndiwo adziwa mtunda umene nkhuni ndi madzi zafika. Ulendo wabwino ndi wa kawiri pachaka: mu Meyi, madzi akali ambiri, ndi mu Okutobala, atachepa, kuti muyerekeze. Kope lija liwerengedwe pabwalo pamaso pa onse, ndipo mlangizi wa zaulimi ndi wa zankhalango aitanidwe kudzamva. Ngati pasukulu ya kwanu palibe kalabu, kambani ndi mphunzitsi wamkulu kuti alembere a WESM kapena akaonane ndi ofesi ya zankhalango pa boma pa Ntcheu.