Kodi Mumadziwa? Kuyenda Wapansi Kumapeputsa Mtima

Kodi mumadziwa kuti kuyenda kuchoka ku Khuyu pa Likoma, kudutsa pakati pa milambe mpaka kunyanja, kumathandiza mtima ukalema? Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anapeza kuti anthu amene anayenda mphindi 90 m'malo a mitengo ndi udzu anachepetsa kulingalira mavuto awo mobwerezabwereza, pomwe oyenda m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto sanasinthe.

Pa Likoma tili ndi mwayi waukulu: magalimoto ndi ochepa, ndipo nyanja sitalikira aliyense. Tengani mnzanu, makamaka amene wayamba kudzipatula, muziyenda limodzi dzuwa likapepa. Koma chisoni chikapitirira milungu iwiri, tulo osabwera, chakudya osachifuna, musazengereze, pitani ku chipatala cha St Peter's.