MBALE ZAKALE ZA HIP-HOP: CIFUKWA CACE ZIKALI KUKONDEDWA

Pa zinthu zimene zidabwitsa akulu-akulu masiku ano, cimodzi ndi ici: anyamata amene anabadwa galamafoni itatha kale m'nyumba zambiri ali kufuna-funa mbale zakale za nyimbo za hip-hop, zimene zinajambulidwa pakati pa 1979 ndi 1990. Kuti munthu amvetse cifukwa cace, ayenera kuyamba wadziwa kumene nyimbozi zinacokera.

Kwao kwa hip-hop ndi ku Bronx, cigawo ca mzinda wa New York kumene kunali kukhala anthu akuda ndi a ku Puerto Rico osauka. Mseu waukulu wochedwa Cross Bronx Expressway unadula malowo pakati, mabanja ambiri nasamutsidwa. Nchito zinasowa, ndipo m'zaka za 1970 nyumba zambiri zinapsa ndi moto, zina zotenthedwa dala cifukwa ca ndalama za inshuwalansi. Ana a kumeneko analibe ndalama zogulira malipenga kapena magitala. Cimene anali naco ndico mbale za makolo ao.

Pa 11 August, 1973, mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, amene adziwika ndi dzina lakuti DJ Kool Herc, analiza mbale pa phwando la mlongo wace m'nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue. Mlongoyo anali kufuna ndalama zogulira zobvala za ku sukulu. Herc anaona kuti obvina akondwa koposa pa cigawo cija ca nyimbo pamene woyimba aleka, ng'oma zokha nizitsala. Cigawoco sicikhalitsa. Tsono iye anapeza nzeru: anatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi naziika pa magalamafoni awiri, ndipo ng'oma zikatha pa mbale yoyamba anali kuziyambanso pa inzace. Motero kacigawo kakafupi kanasanduka gule wautali. Pamwamba pa ng'omazo anyamata anayamba kulankhula mau ogwirizana kumapeto, ndipo kulankhula kumeneku ndiko kuchedwa rap.

Kwa zaka zisanu ndi cimodzi nyimbozi zinamveka pa mapwando ndi pa makaseti okha. M'caka ca 1979 Mai Sylvia Robinson anajambulitsa gulu la Sugarhill Gang, ndipo nyimbo yao "Rapper's Delight", yotalika pafupi mphindi 15, inamveka m'maiko ambiri. Imeneyo inali ya cisangalalo cabe. Koma m'caka ca 1982 Grandmaster Flash and the Furious Five anaturutsa "The Message", yosimba za ngongole, ulova ndi mwana wokulira mu umphawi amene atsirizira moyo wace m'ndende. Apo anthu anazindikira kuti rap ikhoza kunyamula nkhani zolemera. Nyumba ya mabuku ya boma la America, Library of Congress, inaika nyimboyi pa mndandanda wace woyamba, wa 2002, wa zojambulidwa zoyenera kusungidwira mibadwo ya mtsogolo.

Pambuyo pace panadza nyengo ya zimbale zathunthu. Cimbale coyamba ca Run-D.M.C., anyamata atatu a ku Queens, cinaturuka m'caka ca 1984, ndipo cinali coyamba ca rap kulandira ulemu wa golide, umene upatsidwa zikagulidwa mbale 500,000. Cimbale cao ca 1986, "Raising Hell", cinagulidwa kuposa miliyoni. M'caka ca 1987 Eric B. ndi Rakim anaturutsa "Paid in Full". Rakim sanali kupfuula monga anzace, koma analankhula mofatsa, nagwirizanitsa mau ngakhale pakati pa mzera. M'caka ca 1988 Public Enemy, pa cimbale "It Takes a Nation of Millions to Hold Us Back", anadzudzula tsankho popanda mantha.

Nanga cikoka anthu ku mbale zimenezi nciani? Coyamba ndico kuti mulibe pobisala. Nyimbo zambiri zili ndi ng'oma ndi liu la munthu basi, kotero kuti wopanda luso aonekera msanga, monga wobvina amene atsala yekha pakati pa bwalo. Caciwiri, cimbale cinali kukonzedwa monga ulendo: cinali ndi mbali ziwiri, ndipo womvera anali kuyamba poyambira, natembenuza mbale, nafika kumapeto. Cacitatu, munthu wogwira nchito yolemetsa, wokhala m'komboni yopanikizana, amva m'menemo mau a anthu amene adziwa lendi, njala ya pakati pa mwezi, ndi cimwemwe ca Loweruka madzulo.

Cifukwa cacinai ndi ca malamulo. Okonza nyimbo a nthawi ija anali kudula tizigawo tambiri-mbiri ta mbale za anthu ena ndi kutilumikiza, kawiri-kawiri osapempha. M'caka ca 1991 Gilbert O'Sullivan anapambana mlandu ku New York pa Biz Markie, amene anatenga cigawo ca nyimbo yace popanda cilolezo. Kuyambira pamenepo kacigawo kali konse kanafuna cilolezo ndi malipiro, ndipo kukonza cimbale ca mtundu wakale uja kunakwera mtengo kwambiri. Lamuloli linathandiza oyimba akale kulandira za thukuta lao, komanso linatseka njira ina ya luso. Cimbale ca De La Soul ca 1989, "3 Feet High and Rising", cinamangika zaka zambiri ndi nkhani za zilolezo ndi mapangano, ndipo cinafika pa malo omverera nyimbo pa intaneti pa 3 March, 2023. Mmodzi wa atatuwo, David Jolicoeur, anali atamwalira pa 12 February, asanalione tsikulo.

Mwambo wofukula mbale zakale sunathe, ndipo wafika ndi kuno komwe. M'caka ca 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya Paul Ngozi ndi Ngozi Family ya pa cimbale ca 1977, "45,000 Volts", naciika m'nyimbo yace "Noid". Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989, koma Cinyanja ca m'nyimbo yace cinamveka kwa anthu a maiko akutali amene sanali kudziwa dzina lace.

M'caka ca 2023 hip-hop inakwanitsa zaka 50, ndipo m'caka ca 2024 kubvina kwace kunalowa m'masewera a Olympic ku Paris. Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Iye amene ali ndi mbale zakale pansi pa bedi kapena m'sutikesi ya atate ace acita bwino kuzipukuta pfumbi ndi kuzisunga kutali ndi dzuwa, pakuti nyimbo za mawa zingacokere m'menemo.